Mwana wa Dorel Sankalira

Dorel anali atagwada pambali pa lole, akulimbana ndi nati yomwe inadyedwa ndi dzimbiri, pamene galimoto yofiira inaima pakhomo pa shedi mwaphuma mpaka timiyala tinathamanga. Munatuluka mayi Sanda, amene ankagulitsa mankhwala pafupi ndi siteshoni, akukoka kamtsikana padzanja.

"Bambo a Tibi ndi ati pano?"

Costel, mnzake wa Dorel pantchito yomata matayala, analoza ndi chibwano n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndine, mayi. Kwagwanji?" anafunsa Dorel.

"Mukufunsa kuti kwagwanji? Taonani!" Mayiwo anakankhira tsitsi la mwanayo m'mwamba. Pachipumi panali bandeji, ndipo m'mphepete mwake munkasuzumira ulusi wakuda. "Ilinca wanga amusoka kuchipatala. Mwana wanu wamukankha pa katungwe, dala, ana onse akuona. Mwezi watha analuma wina khutu. Mtundu wanu timaudziwa ife. Mchimwene wanu Viorel ali kuti lero? Si ali kundende? Mukufuna tidikire mpaka ameneyunso adzabaye munthu?"

Dorel anayang'ana manja ake akuda ndi girizi.

"Pepani, mayi. Ndikamulanga."

"Kamulangeni, zimenezo n'zanu. Koma makolo tagwirizana, kusukulu ya mkaka kuja achokeko."

Kamtsikanako kankangomuyang'ana Dorel uku kakuyamwa switi. Galimoto itachoka, Costel anaimba mluzu.

"Aise, zaka zisanu zokha wayamba kale kutumiza anthu kuchipatala? Timupezere mphunzitsi wa nkhonya ameneyu, tidzadyerapo."

Dorel sanaseke.

Madzulo a tsikulo anamukwapula Tibi ndi lamba m'khitchini mwawo, m'nyumba yosanja ya kuseri kwa fakitale yakale ya shuga. Ankakhala awiriwiri m'menemo. Anca, mayi wa mwanayo, anapita ku Italy kukasamalira nkhalamba Tibi asanadziwe n'kumanga zingwe za nsapato. Poyamba ankaimba foni tsiku lililonse, kenaka Lamlungu lokha, ndipo masiku ano ankaimba akakumbuka.

Lamba analira koma mwana sanalire. Anangogwira mwendo wa tebulo, milomo italumana, maso ali pa khoma. Amene anatopa anali Dorel.

"Wamva kapena sunamve?"

"Ndamva."

"Wamukankhiranji mnzako?"

Tibi anakweza mapewa n'kupita kukagona osadya.

Dorel anakhala pampando lamba ali m'manja. Nkhope imeneyo ankaidziwa. Ali ana kumudzi, bambo awo akawakwapula, iye Dorel ankalira mpaka oyandikana nawo kutulukira pampanda. Viorel nayenso ankalira, kufikira chaka china pamene anangosiya. Kuyambira pamenepo lamba ankangotera pa iye ngati patera pa thumba la chimanga. Anayamba ndi kupotola makosi a anapiye, kenaka kuswa mawindo, mapeto ake mpeni pakhomo pa bala.

M'mawa mwake mayi Rodica, aphunzitsi a Tibi, anamuitanira m'kachipinda kosungiramo mabulangete a ana. Anali mayi wamfupi, waimvi, wa mawu osasa. Asanayankhule anapinda mkono wa juzi n'kumuonetsa mabala a mano pamkono.

"Awa ndi a Lachisanu lapitali. Sindikunamizani, bambo a Tibi, mwanayu wanditopetsa. Ndikafika kunyumba ndimangogwera pabedi."

"Ndamukwapula dzulo, aphunzitsi. Sadzayambiranso."

"Mwezi watha munamukwapulanso. Anasiya?"



"Ine ndinaziona zonse za dzulo," anapitiriza mayi Rodica. "Ilinca ankathamangira katungwe, basi. Koma Tibi akaona munthu akubwera mothamanga, kapena dzanja likukwera m'mwamba, iye amati nkhondo yayamba, ndiye amayambirira kumenya. Ngakhale ine ndikamafuna kumukonza kolala amabisa mutu. Makolo akufuna ndimuchotse. Ndikamuchotsa apita kuti? Azikakhala yekha m'nyumba ndi TV? Akadzayamba sukulu yeniyeni adzakhala ndi dzina kale, ndipo anzake adzakhala okhawo amene nawonso anathamangitsidwa."

"Ndiye nditani ine? Ndimuphe?"

"Mubwere Lachinayi masana. Kumabwera mlangizi kuchokera ku mzinda wa Bacau, amakumana ndi makolo a ana ovuta chonchi. Akadali aang'ono zimatheka. Mukamabwera, ine ndilimbana nawo makolo anzanuwo. Mukapanda kubwera, ndilibe chowauza."

"Akandiphunzitse kulera mwana wanga?"

"Eya. Kapena munaphunzira kale kwinakwake?"

Lachinayi Dorel anasamba m'manja ndi sopo wa mbale mpaka khungu kuwawa, koma girizi wa m'zikhadabo anakana. Costel anamuperekeza ndi mawu mpaka pamsewu.

"Mukapereke moni kwa anzanu a m'kalasi, mkulu! Akakupatsani phala mukatisungireko!"

M'chipindamo munali amayi angapo ndi agogo ena aakazi amene ankalera zidzukulu zosiyidwa ndi makolo opita kunja. Mwamuna anali iye yekha. Anakhala pa kampando ka ana, mawondo n'kufika pafupifupi pachibwano.

"Tapeza tambala m'khola mwathu," anatero mayi wina wonenepa, ndipo onse anaseka. "Musachite manyazi, achimwene. Wanga anayatsa makatani."

Mlangiziyo anali mtsikana woonda wovala magalasi. Dorel anamuyang'ana n'kuganiza kuti ameneyu sanasinthepo ndi thewera lomwe. Koma mtsikanayo anafunsa funso limene linamusowetsa mtendere.

"Sabata ino, mwana wanu munayankhula naye liti asanalakwe kanthu?"

Amayi ena anayankha. Dorel anafufuza m'mutu mwake. Dzuka. Vala. Fulumira. Siya. Khala pansi. Anapeza zimenezo basi.

Ntchito yokachita kunyumba inamveka yachibwana. Tsiku lililonse akhale pansi kanthawi kochepa, asewere ndi mwana, mwanayo ndiye azitsogolera. Osalamula, osakonza, osafunsa mafunso ngati wapolisi. Akaona kabwino kalikonse, ngakhale kakang'ono bwanji, akanene pomwepo. Mwana akamenya kapena kuswa chinthu, amukhazike pampando pamalo opanda zoseweretsa mpaka mtima utsike, kenaka akonze chimene waononga. Lamba ayi.

"Akakana kukhala pampandopo?" anafunsa Dorel.

"Mumubwezerepo."

"Akachokaponso?"

"Mumubwezereponso. Adzakuyesani kwambiri poyamba, bambo. Zidzaoneka ngati zaipiraipira."

Madzulo amenewo Dorel anakhala pansi pa kapeti pomwe Tibi ankayendetsa kagalimoto kopanda tayala limodzi. Mwanayo anaima n'kubwerera kukhoma.

"Ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe. Ndikufuna ndisewere nawe."

Tibi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananyamula kagalimotoko, maso ali pa bambo ake, n'kukamenyetsa pansi. Anakatola n'kukamenyetsanso. Kachitatu kanasweka, chidutswa n'kumulasa Dorel patsaya. Dzanja linapita lokha. Mbama inamveka phaa, ndipo Tibi anangogwedeza mutu ngati munthu amene wapeza yankho lomwe ankayembekezera.

Lachinayi lotsatira Dorel sanafune kupita. Anakafika mpaka pageti n'kubwerera, koma mayi wonenepa uja anamuona.

"Tambala akuthawa! Bwerani kuno, inu. Mukuganiza kuti ife zatiyendera?"

Atafotokoza zomwe zinachitika, palibe anamudzudzula. Agogo aja anati iwo analephera tsiku loyamba lomwelo, mpaka anaponya patapata. Mlangizi anangoti ayambirenso, ndipo akamva magazi akukwera aziika manja m'thumba n'kutuluka pakhonde.

Anayambiranso. Masiku oyamba Tibi ankasewera atamufulatira. Dorel ankangokhala pamenepo ngati chitsa, akunena zimene akuona monga anamuuzira. "Waika kabokosi pamwamba pa kanzake. Tsopano ukumanga mlatho." Mawu ake omwe ankamuchititsa manyazi. Koma tsiku lina, osatembenuka, Tibi anamukankhira kalole kachikasu.

"Inu mukhale woyendetsa ameneyu. Musadutse pamlatho, sunathe."

"Chabwino, bwana."

Kuyamikira kunali kovuta kuposa kusewera. Dorel anafufuza sabata yonse osapeza choyamikira. Ndiye m'mawa wina, kuzizira kutayamba, anapeza nsapato zake za kuntchito zitaikidwa pansi pa chitsulo chotenthetsera m'nyumba. Zinali zofunda. Mwina zinkakhala pamenepo m'mawa uliwonse, iye osalabadira kuti waziika ndani.

"Tibi, waika nsapato zanga pofunda. Wachita bwino. Zikomo."

Mwanayo anafiira makutu. Anapita pa nsapatozo n'kuzimenya theche mpaka zinakagwera kukhomo. Dorel anaika manja m'thumba. Mawa lake nsapato zinali pofunda pomwe paja.

Mpando unali nkhondo ina. Tsiku limene Tibi anagenda mphaka wa oyandikana nawo ndi supuni, Dorel anamubwezera pampando kambirimbiri mpaka supu wa nyemba anapserera pamoto. Mwanayo anatukwana mawu amene Dorel anawazindikira kuti ndi ake omwe. Pomaliza anakhala, akupuma mwawefuwefu, n'kufunsa ndi mawu aang'ono ngati angatsike.

Kusukulu zinthu sizinasinthe msanga. Tibi anamenyabe mnzake polimbirana njinga. Koma tsiku lina mayi Rodica anamuimitsa Dorel pakhomo.

"Lero wina anamulanda choko. Ndinaona chibakera chikukwera, ndinati basi. Koma anathamanga n'kukalowa pansi pa tebulo langa, akukuwa kuti ndakwiya, ndakwiya! Ndakhala ndikumuphunzitsa mawu amenewo kuyambira masamba asanayoyoke. Makolo ena afewa. Mayi Sanda sanafewe, ndipo sindiwaimba mlandu."

Zoonadi, mayi Sanda akakumana naye pageti ankakokera Ilinca mbali ina.

Khrisimasi itayandikira sukulu inatsekera. Chisanu choyera chimene chimakuta misewu chinagwa mochedwa chaka chimenecho, ndipo aliyense amene anazengereza kuika matayala oyendera pa chisanu anathamangira kushedi nthawi imodzi. Dorel analibe womusiyira mwana. Anaganiza zokamusiya kumudzi kwa bambo ake, a Toader, kufikira sukulu itatsegulira. Analongedza zovala za Tibi m'chikwama, ndipo anakwera basi m'mawa wa tsiku limene kumudziko amapha nkhumba ya Khrisimasi.

Anapeza nkhumba ataipha kale, ataigoneka pa chisanu pakati pa bwalo, akuiwaula ndi udzu. A Toader, ngakhale anali atakalamba, ankayendabe ngati mwini dziko, chipewa cha ubweya chili pamphumi, botolo la kachasu wa zipatso za maplamu likuzungulira pakati pa amuna othandiza. Maricica, mlongo wake wa Dorel, ankatenthetsa madzi. Mwana wa Maricica, Nicu, wocheperapo kwa Tibi, ankadumphadumpha pafupi ndi moto.

"Wabwera nacho chigawenga chako?" anatero a Toader. "Usadandaule. Pofika chaka chatsopano chidzakhala chitawongoka."

Nkhumba itapalidwa n'kufundidwa bulangete, inafika nthawi yoti ana aikwere monga amachitira chaka chilichonse. Nicu anathamanga kuchokera kumbuyo, akukuwa ndi chimwemwe, n'kumugunda Tibi paphewa pofuna kuyambirira kukwera. Dorel anaona zonse koma anali kutali. Tibi anatola chikuni n'kumumenya nacho msuweni wake kumaso. Magazi a m'mphuno anadonthera pa chisanu, Nicu n'kulira mokuwa.

A Toader sanakuwe. Anaika mpeni pansi, anapukuta manja pa buluku, n'kumasula lamba. Anali lamba yemwe uja wa ubwana wa Dorel, wachikopa chokhuthala, wa chitsulo chachikasu. Anamugwira Tibi pakolala. Mwanayo analumanitsa milomo n'kuyang'ana kumpanda.

Dorel sanadziwe kuti wayenda liti. Anangozindikira kuti lamba ali m'dzanja lake, atamugwira m'malere.

"Siyani, bambo."

"Wati chiyani?"

"Mwanayu ndi wanga. Ndimulanga ndine."

Amuna aja anasiya kumwa. Maricica anaima ndi Nicu m'manja, pakamwa pali yasa. Pabwalo limenelo panali pasanamvekepo munthu akuwauza a Toader kuti siyani.

"Umulanga ndi chiyani? Ndi kampando?" A Toader anaseka mowawa. "Ndinamva ine. Akuti umakakhala pakati pa azimayi kumaphunzitsidwa ndi kamtsikana. Lamba ameneyu ndi amene anakupanga munthu iwe. Uli ndi ntchito, uli ndi nyumba, chifukwa cha ameneyu."

"Anamenyanso Viorel."

Mawuwo anatuluka motsika, koma aliyense anawamva. Udzu unkathetheka pamoto. Nkhope ya a Toader inachita ngati yaphwa.

"Viorel anabadwa woipa."

"Anabadwa ngati uyu, bambo. Ine ndinalipo. Ankandifunditsa bulangete lake kukazizira."

Onse awiri anali atagwirabe lambayo. Dorel anali bambo wa mwana, wa ndevu zoyamba imvi, koma ankawaopabe bambo ake ngati kale. Sanasiye. Anasiya ndi a Toader.

"Tenga mwana wako muzipita. Nyama yanga isakhudze pakamwa panu."

"Tipita. Koma ayambe wamaliza mlandu wake."

Anamunyamula Tibi n'kukamukhazika pa chitsa chowazirapo nkhuni kuseri kwa khola. Mwanayo anatsika, iye anamubwezerapo. Anatsikanso, akumenya mateche, anamubwezeraponso. Amuna aja ankasuzumira, wina akuseka chamumtima. Dorel anaika manja m'thumba n'kuyang'ana mapiri oyera. Patapita nthawi kupuma kwa mwanayo kunatsika.

"Anandigunda," anatero Tibi.

"Ndinaona. Sanachite dala, ankathamangira nkhumba. Iwe unakwiya. Ukakwiya umatani?"

"Ndimanena."

"Lero unanena?"

"Kunalibe tebulo."



"Kukakhala kulibe tebulo uzithamangira kwa ine. Tsopano tenga kansalu aka, uikemo chisanu, ukamupatse Nicu aike pamphuno. Ukamuuze kuti walakwa."

Tibi anapita akukoka miyendo. Anapereka kansaluko atatambasula mkono wonse, n'kung'ung'udza mawu amene Nicu yekha ndi amene anawamva. Maricica anawaperekeza mpaka pageti.

"Achimwene, dikirani pang'ono, mtima wawo utsika. Mukuwadziwa bambo."

"Ndikuwadziwa, n'chifukwa chake sindimusiya kuno. Pepa za Nicu, mlongo wanga."

"Apola. Koma zimene mwanena za Viorel zija…" Maricica anayang'ana kumbuyo. A Toader anali ataima pafupi ndi nkhumba, lamba akulendewera m'manja, osamanga. "Kaya. Pitani bwino."

Basi ya masana inali yopanda anthu ambiri. Anakhala kumbuyo, chikwama cha zovala chili pamiyendo ya Dorel. Anadutsa tchalitchi, anadutsa minda yokutidwa ndi chisanu. Dorel ankaganiza za bambo ake ataima okha pabwalo paja, ndipo zinkamupweteka kuposa momwe ankayembekezera. Sankadziwa ngati adzapondenso pakhomo paja, ngakhalenso ngati zonsezi zidzamupulumutse mwanayu. Mlangizi mwiniyo sanalonjezepo zimenezo.

"Ababa."

"Ee."

"Mukandimenya tikafika?"

"Ayi. Mlandu uja watha. Koma TV lero kulibe."



"Nanga mawa ndikakhala kwa yani?"

"Upita nane kuntchito. Uzikandipatsira masipanala. Koma ukamvere, kumakhala magalimoto."

"A Costel sakandithamangitsa?"

"A Costel ndi pakamwa pokha."

Anatulutsa foni n'kumuimbira Costel yemweyo, kumuuza kuti mawa akonze malo pafupi ndi mbaula ndipo achotse zithunzi zake za akazi osavala pakhoma. Costel anadandaula kuti shedi yasanduka sukulu ya mkaka, kenaka anafunsa ngati mwanayo amamwa tiyi wa shuga wambiri.

Pomwe Dorel ankabweza foni m'thumba, anamva kulemera pamkono. Tibi anali atagona, mutu atautsamiritsa pa iye, pakamwa pali potsegula pang'ono. Basi inagwedezeka m'maenje, mkono unayamba dzanzi kuyambira paphewa mpaka ku zala. Dorel sanausunthe mpaka anafika m'tauni.